Mbava Zitatu ndi Galimoto Yogwada

Pulani yonse inabadwa Lachitatu masana m'bala ya kuseri kwa msika, pa tebulo lopendama lomwe mwendo wake umodzi unali njerwa. Anaibereka ndi a Jenerale. Usilikali sanaugwirepo akuluwa. Anangolonderapo sitolo ya matayala miyezi iwiri, matayala n'kutha, iwo n'kutsala ndi nsapato za jombo ndi dzina.

"Anyamata," anatero a Jenerale, akugogoda botolo patebulo, "za nkhuku ndi mafoni zija tasiya lero. Tikukwera giredi."

Anyamatawo anali awiri, onse a imvi zoyamba. Firiji, chimunthu chachitali komanso chotambalala, anapatsidwa dzinalo chifukwa ankangoima pakona phee, ndipo ankatseguka pokhapokha pakakhala za chakudya. Winayo anali Makiyi, wodula makiyi pakhomo la msika, amene ankadzitama kuti palibe loko amene angamukanire kawiri. Kunyumba anali ndi ana atatu ndi mkazi, telala wa dzanja labwino. Makina osokera a mayiyo ndiwo ankadyetsa banja lonse, pamene mwamuna ankati ali pa bizinesi.

"Kumtunda kuja, kwa anthu olemera, kuli loya wina wopuma ntchito," anapitiriza a Jenerale. "Ali ndi chigalimoto chachitali, chakuda bii, mipando yachikopa, matayala ofika m'chiuno. N'chakale pang'ono, koma dzina lake lokha anthu amavulira chipewa. Mlamu wandiuza kuti tikaifikitsa kwa iye, aliyense wa ife amanga nyumba."

Mlamu ameneyu sanali mlamu wa munthu aliyense. Anali wogula magalimoto osafunsa komwe achokera, ndipo malamulo ake anali awiri basi: galimoto ifike ikuyenda yokha, ndipo pasakhale nyali yofiira ngakhale imodzi yoyaka pa dashibodi.

"Firiji, auze zimene waona."

Firiji, yemwe anakhala mwezi wathunthu pansi pa mtengo moyang'anana ndi geti la loyayo, anafotokoza. "Sabata iliyonse kumabwera anthu ovala maovololo. Mlonda amawatsegulira osafunsa. Amatenga galimoto n'kumapita. Nthawi zina amachita kuikoka ndi chingwe."

"Mwamva?" A Jenerale anamenya tebulo, njerwa ija n'kusuntha. "Chitetezo cha pamenepo ndi masewera! Tingogula maovololo atatu."

"Komatu a Jenerale," anafunsa Makiyi, "n'chifukwa chiyani amaitenga sabata iliyonse?"

"Iwe, sudziwa anthu olemera? Galimoto amaipititsa kokaisisita."

Limeneli ndilo funso lanzeru lokhalo limene linafunsidwa m'nkhani yonseyi, ndipo linamira m'botolo lotsatira.

Loweruka m'mawa, dzuwa lili gaa, akuluakulu atatu a maovololo anafika pa geti. Ovololo ya Firiji inathera m'mawondo. Makiyi anali ndi mkombero wa makiyi makumi asanu ndi limodzi m'thumba. Asanagogode n'komwe, geti linatseguka.

"Mwachedwatu, amisiri!" anatero mlonda. "Bwana amakuyembekezani dzana. Dona uyo ali apo, akudwala."

Dona inali galimoto ija. Panyumbapo aliyense ankaitchula choncho, ndipo ankaitchula motsitsa mawu.

Makiyi anasolola mkombero wake, akusankha kiyi woyamba mwaukatswiri. Atatsegula chitseko anapeza kiyi wa galimotoyo ali pamalo pake, akulendewera. Zinamuwawa kwambiri. Munthu kuphunzira ntchito zaka makumi awiri, kenako n'kumuchitira chipongwe chotere.

Anapotoza kiyi. Dona anatsokomola kamodzi n'kukhala chete.

"Ndinu atsopano eti?" anafunsa mlonda, akusuzumira pawindo. "Pondani buleki katatu, mumenye apa ndi chibakera, kenako mumupepese."

"Ndimupepese?"

"Mokweza. Samva bwino."

Makiyi anapepesa. Dona sanakhululuke. Mlonda anaitana wosamalira maluwa, wosamalira maluwa anaitana wophika, ndipo onse pamodzi ndi Firiji anakankha galimotoyo mpaka kunja kwa geti, komwe inalira mwadzidzidzi n'kulavula utsi wakuda. Pakhonde, a Loya anatsitsa nyuzipepala n'kukweza kapu ya tiyi mowatsanzika.

"Mwaona ubongo?" anafuula a Jenerale ali pampando wakumbuyo, miyendo atapingasa. "Mwini wake watibayibitsa! Mbiri idzatikumbuka, anyamata."

Asanafike pa mphambano yachitatu, muvi wa mafuta unagwa pansi ngati wakomoka. Anathira petulo wa ndalama zomwe anasungira phwando la chipambano. Atadutsa mlatho unagwanso. Kenako pa dashibodi panayaka nyali yofiira yooneka ngati ketulo, ina ngati batire, ina ngati munthu wakhala pa mpira. Pofika ku shedi yakale ya matabwa komwe anakonza zobisako galimoto, nyali zinali zisanu ndi ziwiri, ndipo windo la kumbali ya a Jenerale linali litatsika lokha n'kukana kukweranso.

M'mawa mwake anapeza Dona atagwada. Kutsogolo konse kunali pansi, mphuno pa simenti, kumbuyo kuli m'mwamba.

"Akupemphera," ananong'ona Firiji, n'kuvula chipewa.

"Akutilodza," anatero a Jenerale.

Makiyi anazungulira galimotoyo kawiri n'kuona kapepala komatidwa pakona ya galasi lakutsogolo. Panali nambala ya foni ndi mawu akuti: Dokotala, katswiri wa magalimoto apamwamba. Mbava ina iliyonse ikanadziwa kuti makaniko amene nambala yake ili pa galimoto yakuba ndi munthu womuthawa. Makiyi anaona kuti ndi mwayi.

Dokotala anafika pa njinga yamoto, kamdala kowonda, ka manja akuda ndi oyilo mpaka m'zigongono. Atalowa m'shedimo anaima, n'kumwetulira ngati wakumana ndi m'bale wake kuchilendo.

"Dona! Mwafika kuno?"

"Mukuidziwa?" anafunsa Makiyi.

"Ndaigula dzulo," anadumphira a Jenerale. "Kwa mzungu wina. Wapita kwawo."

"Mwachita bwino, bwana," anatero Dokotala, akusisita boneti. "Galimoto zonse za mtundu uwu ndimazitchula Dona. Imeneyi ilibe masipuling'i ngati zinzake, imakhalira mabaluni a mpweya. Mabaluni abooka, pampu yapsa. Ndiloleni ndiimbe foni, ndifunse mitengo."

Anatuluka panja. Zimene Makiyi sanamve, ndipo akanamva bwenzi nkhani ino itathera pompano, ndi izi.

"Bwana Loya, Dona ali kuno, koma sindinamutenge ndine. Wabedwa."

A Loya anafuula pa foni: "Wabedwa? Ndi anthu enieni, amoyo? Mulungu ndi wabwino!"

"Ndiitane apolisi?"

"Usayerekeze! Akufuna kutani naye?"

"Akufuna kumukonza, bwana."

"Ndi ndalama zawo?"

"Zawo."

Dokotala anamva phokoso lomwe sanadziwe ngati kunali kuseka kapena kulira. Zaka zisanu ndi zinayi galimoto imeneyi inali itadya penshoni ya a Loya, munda wawo, ndi theka la chikondi cha akazi awo.

"Mndandanda wa matenda ake uja ukadali nawo?" anafunsa a Loya atapezako mpweya.

"Masamba onse anayi."

"Yambira pamwamba. Ukamaliza giyabokosi undiimbire."

Anamukokera Dona ku galaja ya Dokotala, ndipo ntchito inayamba. Mabaluni anachita kuitanitsa kunja, anatenga masabata atatu, ndipo anadya foni ya a Jenerale ndi wailesi ya Firiji. Dona ataimirira, lediyeta inayamba kudontha. Atasintha lediyeta, pampu ya madzi inachita nsanje n'kufa. Atagula pampu, panapezeka kachipangizo kena kochepa ngati chala cha mwana, kobisika pansi pa injini, komwe ntchito yake inali kuuza galimoto kuti zonse zili bwino. Kuti akafikire anachita kutsitsa injini yonse, ndipo mtengo wake unali wofanana ndi lendi ya miyezi inayi.

"Kanthu kameneka?" anakuwa a Jenerale, atakanyamula ndi zala ziwiri. "Kali ndi golide m'kati?"

"Pali kena kotchipa," anatero Dokotala modekha, "koma Dona amazindikira. Mukamuika chotchipa amazimitsa mabuleki."

Nyali iliyonse ikazima, a Jenerale ankati, "Yatsala imodzi, anyamata." Ndipo zinali zoona. Nthawi zonse inkatsala imodzi.

Anayesa kumunyengerera Mlamu kuti abwere adzaone yekha. Anabwera, anasuzumira pa dashibodi, anaona kanyali kofiira n'kubwerera osatsanzika. Anayesa kumata kanyaliko ndi tepi yakuda. Dona anayamba kuliza kabelu kosalekeza, ngati firiji yosiyidwa yotsegula, mpaka anamatula.

Apa ndi pamene zinthu zinafika pochititsa manyazi. Kuba nkhuku sikukanakwanitsa kudyetsa Dona, chifukwa nkhuku zakuba zimabwera mwa apo ndi apo, pamene Dokotala ankafuna zake Lachisanu lililonse. Choncho Firiji anayamba kunyamula matumba a simenti pa sitolo ya zomangira. A Jenerale, atagulitsa jombo zawo, anabwerera ku ulonda atavala nsapato za pulasitiki. Makiyi ankatsegula benchi yake mbandakucha n'kumadula makiyi mwachilungamo, osasungako kope ngakhale limodzi. M'dera lonselo umbava unatsika, anthu anayamba kuyanika zovala panja osazilondera, ndipo mkulu wa apolisi anayamikiridwa pa msonkhano.

Choipa kwambiri chinamuchitikira Makiyi. Anayamba kuikonda galimotoyo. Madzulo aliwonse akaweruka ankapita ku galaja ndi kansanza, n'kumapukuta magalasi. Anadziwa dzina la oyilo amene Dona amamwa, ndi amene amamutsegula m'mimba. Firiji akatseka chitseko mwamphamvu, Makiyi ankalumpha ngati amuponda chala.

"Aise, chitseko chimenecho si cha kuchimbudzi kwanu!"

Ankathanso kuima pakati pa msika, kiyi wa kasitomala ali m'manja, n'kumadzifunsa ngati kaphokoso kamene anamva dzulo kanali ka lamba kapena ka beringi.

Patatha miyezi itatu, Dokotala anawasonkhanitsa n'kuvula magalasi ake ngati dokotala weniweni.

"Akuluakulu, tafika pa tsamba lomaliza. Giyabokosi."

Atatchula mtengo, Firiji anakhala pansi pomwepo, pa oyilo. A Jenerale anatembenuza matumba awo, munagwa batani. Kenako onse awiri anayang'ana Makiyi, ndipo Makiyi anadziwa chimene akuyang'ana, chifukwa nayenso anali atachiganiza kale n'kudzida nacho.

Lolemba m'mawa anapeza mkazi wake atayala nsalu pa tebulo, choko kukamwa, lumo m'manja. Sukulu ya pafupi inali itamupatsa oda ya mayunifomu makumi anayi, ntchito yaikulu kuposa zonse zimene analandirapo.

"Mayi a ana, makina anuwa akumveka phokoso lachilendo," anatero Makiyi, akuyang'ana kudenga. "Ndi beringi imeneyo. Ndiwapititse akawaone, asanakufereni pakati pa oda."

Mayiyo anachotsa choko kukamwa. "Inu mwayamba liti kumva mabering'i?"

"Ndikudziwana ndi amisiri masiku ano."

Miyezi itatu imeneyi mwamuna wake ankadzuka m'mawa, ankagwira ntchito, sankanunkha mowa, ndipo mtima wa mayiyo unali utayamba kufewa ngakhale ndalama sankaziona.

"Sabata ino ndikhala ndikudula nsalu," anatero. "Koma mumve bwino, bambo a ana. Makina amenewa ndinawagula ndisanakudziweni. Akapanda kubwera Lachisanu, inunso musabwere."

Makiyi anawanyamula paphewa mpaka kwa munthu wina wobwereketsa ndalama pa chikole. Njira yonse mtima unkamupweteka, chifukwa mkazi wakeyo ankamukonda, ndipo ankamuopanso. Anadzitonthoza kuti Lachisanu m'mawa atenga Dona, masana Mlamu awapatsa zawo, madzulo makina abwerera kunyumba pamodzi ndi ena atsopano a magetsi.

Lachinayi Dokotala anamuitana kuti adzamve. Injini inalira mofewa ngati mphaka wokhuta. Pa dashibodi panali mdima wokongola, wopanda nyali ngakhale imodzi. Makiyi anagwetsa msozi.

"Mubwere mawa teni koloko," anatero Dokotala. "Koma mukumbuke, giyabokosi yatsopano imafuna ulemu. Injini itenthe kaye mphindi zisanu musanalowetse giya."

Lachisanu anafika atasamba, a Jenerale atabwereka jekete. Atakhota pakona anaona khamu la anthu pa galaja. Pakati pa khamulo panali apolisi awiri, a Loya atavala suti, ndi Dona akunyezimira padzuwa.

"Osathamanga," ananong'ona a Jenerale. "Osayang'ana. Ndife anthu odutsa."

Ndipo kunena zoona, akanapulumuka. Dokotala anali m'kati akusaka mapepala, apolisi sankawadziwa nkhope, a Loya anawaonapo kamodzi kokha, patali, atavala maovololo. Anadutsa kumbuyo kwa khamulo mwakachetechete, Firiji atawerama kuti afupike. Anatsala masitepe khumi kuti akhote.

Pamenepo a Loya analowa m'galimoto, anailiza, ndipo nthawi yomweyo anaponda mafuta mpaka pansi. Injini yozizira inakuwa. Anakankha giya mwankhanza, pansi pa galimoto panamveka kuti khrrr.

Makiyi anaima. M'phokoso limenelo anamva makina a mkazi wake akukukutidwa mano.

"Tiye iwe!" anatero a Jenerale, akumukoka malaya.

Khrrr!

"Iwe mdala iwe!" Makiyi anang'amba khamu lija pakati ngati nsalu. "Chotsa phazi! Injini isanatenthe? Ukudziwa mtengo wa giyabokosi imeneyo? Zimitsa!"

A Loya anazimitsa. Wapolisi wamkulu anatembenuka pang'onopang'ono.

"Bambo, inu ndinu ndani pa galimoto imeneyi?"

"Ndine amene ndagula giyabokosi! Ndi mabaluni, ndi lediyeta, ndi pampu ziwiri!" Anasolola mpukutu wa malisiti m'thumba la malaya, onse olembedwa dzina lake lenileni, chifukwa Dokotala anamuuza kuti chipangizo chikafa msanga, sangamusinthire pa dzina labodza. "Ngati mukukayika funsani anzangawo. A Jenerale! Firiji! Tabwerani muwauze anthuwa mmene tavutikira!"

Khamu lonse linatembenuka. Firiji, yemwe sanaphunzirepo kukana akaitanidwa, anakweza dzanja. A Jenerale anayesa kuthawa, koma nsapato za pulasitiki si jombo.

Apolisi anali atabwera wapansi, choncho a Loya anadzipereka kuwaperekeza onse pa Dona. Anadikira mphindi zisanu kuti injini itenthe, Makiyi akuwerengera ali mu unyolo. Njira yonse a Loya ankaimba kanyimbo, akusisita chiwongolero.

"Ana anga," anatero, "pa zaka zisanu ndi zinayi, lero ndi tsiku loyamba kuyendetsa galimoto imeneyi popanda nyali yofiira. Abale anga enieni sanandichitirepo zotere."

Atangoima pakhomo la polisi, panamveka kabelu. Pa dashibodi panayaka kanyali katsopano, kooneka ngati nkhono. Dona anapuma mpweya wautali n'kupendekera kumanzere. A Loya anayang'ana kanyaliko, nkhope ikugwa, kenako anatembenukira kumbuyo.

"Kodi akakumangani, mutuluka liti?" anafunsa motsitsa mawu. "Geti lidzakhala lotsegula."

Madzulo a tsiku lomwelo, atatuwo ali m'chitolokosi, Makiyi anamva mapazi amene ankawadziwa bwino kuposa phokoso lililonse la injini. Anafuna kubisala kumbuyo kwa Firiji, koma Firiji anali atabisala kale kumbuyo kwa a Jenerale.

Mkazi wake anaima pa zitsulo, chimtolo chachikulu chili pamutu. Sanakuwe. Zikanakhala bwino akanakuwa.

"Ndinati makina akapanda kubwera musabwere," anatero. "Ndikuona kuti mwamvera. N'koyamba chikwatiranireni."

"Mayi a ana, ndikhululukireni. Makina aja..."

"Ndikudziwa komwe ali. Ndapitako. Akuti ndikapanda kuwaombola pakutha pa mwezi awagulitsa, ndipo ndalama zowaombolera zili mu mtolo uwu." Anautsitsa pansi n'kumasula. Munali nsalu zodulidwa kale, milu makumi anayi, ulusi, mabatani, ndi kapepala kobayidwa singano zitatu.

"Mayi, singano siziloledwa m'chitolokosi," anatero a Jenerale mwachangu. "Ndi lamulo. Bwana wapolisi, auzeni."

Wapolisi wapakauntala anabwera ndi makiyi, natsegula chitseko, n'kukankhira mtolowo m'kati ndi phazi.

"Yunifomu ya mwana wanga ili momwemo," anatero. "Ndinalipira kale. Sukulu akutsegulira Lolemba linalo."

Mayiyo anapereka singano imodzi kwa Firiji, ina kwa a Jenerale, yomaliza anaiika m'dzanja la mwamuna wake n'kulifumbatitsa.

"Makina anga ankasoka mayunifomu asanu patsiku," anatero. "Sankamwa mowa, sankanama, ankangofuna kadontho ka oyilo pamwezi. Tsopano makinawo ndinu. Ndibwera mawa kudzaona misoko, ndipo wokhota uliwonse mudzausomola ndi mano."

Ananyamuka. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Muyambe ndi makolala. Ndi amene amavuta."